Wopalamula akathawira kunja, bwanji osangomugwira n'kumubweza?

Nachisale:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso limene limandisowetsa tulo, ndipo ndikudziwa kuti muno muli ena odziwa malamulo. Munthu akapha mnzake n'kuthawira dziko lina, apolisi akudziwa kumene ali, mboni zilipo, n'chifukwa chiyani pamapita zaka asanamubweze? Sindikufunsa zongochezera. Mlongo wanga anaphedwa zaka zinayi zapitazo, ndipo amene tikumuganizira anawoloka malire usiku womwewo. Anthu amamuona akuyenda momasuka, akuchita malonda ake. Ife tikafunsa amangotiuza kuti mapepala akuyenda. Ndi mapepala anji oyenda zaka zinayi?

A Mbewe:
Pepani kwambiri achemwali. Mulungu akulimbitseni mtima pamodzi ndi banja lonse. A Kondwani, inu muli kusukulu ya zamalamulo, tathandizani apa.

Kondwani:
Pepani mayi. Ndifotokoza mmene ndikudziwira. Mphamvu za wapolisi zimathera pamalire a dziko lake. Akangodutsa pamenepo ndi mlendo ngati wina aliyense, ndipo akagwira munthu kumeneko iyeyo ndiye wapalamula. Choncho dziko lofuna munthu limayenera kupempha, ndipo kupemphako ndi kumene amati extradition.

Njira yake ndi yaitali. Oimira boma pa milandu amasonkhanitsa chikalata chomumangira, umboni wolumbirira wa mboni, lamulo limene akuti waphwanya ndi chilango chake, komanso zotsimikizira kuti munthuyo ndi yemweyodi. Zimenezi zimadzera ku unduna wa zachilungamo, kenako kwa akazembe, n'kukafika ku boma la dziko linalo. Kumeneko amamugwira n'kupita naye kukhoti. Khotilo siliweruza ngati anapha kapena sanaphe. Limangoona ngati zoyenera kuti aperekedwe zakwana. Akaluza ali ndi ufulu wochita apilo, ndipo m'maiko ambiri mawu omaliza amakhala a nduna.

Zimene khoti limayang'ana kwambiri ndi izi. Pakhale pangano kapena lamulo lolola maiko awiriwo kupatsana anthu. Chimene akumuimba mlandu chikhale mlandu mbali zonse ziwiri. Akakafika akazengedwe mlandu umene anamupemphera wokhawo, osati kumuitanitsa ponena za kuba kenako n'kukamuzenga woukira boma. Ndipo mlanduwo usakhale wandale.

Nachisale:
Zikomo a Kondwani. Koma kupha ndi mlandu paliponse. Nanga apa chovuta n'chiyani?

Gama:
Chovuta ndi maloya basi. Ine ndinena mosabisa. Thabo Bester anathawa kundende ya Mangaung ku South Africa mu 2022, anamugwira ku Arusha mu Epulo 2023, ndipo patangotha masiku ochepa anali atafika kale ku South Africa. Panalibe zodikira zaka. Apolisi akuno ndi akuuko agwirizane, amukweze galimoto, akamutule pachipata. Mayiwa akulira zaka zinayi pamene wakuphayo akudya bwino. Chilungamo chake n'chiti pamenepa?

Kondwani:
A Gama, za Bester sizinali extradition. Tanzania inanena kuti iye ndi Nandipha Magudumana, mayi amene anagwidwa naye limodzi, analowa m'dzikomo popanda chilolezo, ndiye inawadipota. Kudipota ndi nkhani ya olowa ndi kutuluka: dziko likungonena kuti mlendo uyu sitikumufuna. Cholinga chake n'kumutulutsa, osati kumupereka m'manja mwa apolisi a dziko lina. Koma maboma amakonda njirayi chifukwa ndi yachangu ndipo nthawi zambiri sidzera kwa jaji. Magudumana anakadandaula kukhoti ku Bloemfontein. Jaji anavomereza kuti zimene zinachitikazo zinali extradition yovekedwa malaya a deportation, koma anakana kumumasula ponena kuti mayiyo anavomera yekha kukwera ndege. Onani kuti ngakhale khoti lenilenilo linaona kuti njirayo inali yokhota.

Gama:
Yokhota koma anafika. Ine changa n'chomwecho.

Mayi a Tadala:
Achimwene a Gama, ndikumva ululu umene mukulankhulira, koma ndiloleni ndikuuzeni za munthu mmodzi. Khaled El-Masri anali nzika ya Germany. Pa 31 Disembala 2003 anamugwira pamalire a Macedonia ali pa ulendo wake. Anamusunga m'hotela milungu ingapo osaonana ndi loya kapena abale, kenako anamupereka kwa a CIA amene anapita naye ku Afghanistan. Kumeneko anazunzidwa miyezi. Pambuyo pake zinadziwika kuti anamusokoneza ndi munthu wina wa dzina lofanana nalo. Mu Meyi 2004 anakamutaya pamsewu ku Albania usiku. Khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya linagamula mu 2012 kuti Macedonia inalakwa.

Akanangomuimika pamaso pa jaji tsiku limodzi lokha, funso loyamba likanakhala lakuti, kodi uyu ndi yemwe mukumufunayo? Njira yachidule imadumpha funso limenelo. Ine ndagwirapo ntchito ndi anthu othawa kwawo, ndipo ndinaona amayi amene amuna awo anatengedwa usiku n'kubwezedwa kumene anathawako. Ena mpaka lero sadziwa ngati amuna awo ali moyo. Amene anawatengawo nawonso ankati akugwira zigawenga.

Gama:
Mayi, nanga Adolf Eichmann? Munthu woti anatumiza Ayuda miyandamiyanda kokaphedwa. Israel inakamuba ku Argentina. Mukuti akanamusiya?

Mphunzitsi Wopuma:
Ana anga, nkhani ya Eichmann imatuluka nthawi zonse pakakhala mkangano uwu, ndiye tiyeni tiione bwino. Anamugwira mu Meyi 1960 kufupi ndi Buenos Aires, anamuzenga mlandu ku Jerusalem mu 1961, n'kumunyonga mu 1962. Palibe munthu wamaganizo abwino amene amamulira. Komabe Argentina inakadandaula ku Security Council ya United Nations kuti dziko lake lalowereredwa, ndipo bungwelo linavomereza kuti mchitidwe wotere ukamabwerezedwa ungasokoneze mtendere. Vuto lake n'lakuti chitseko chimene watsegulira Eichmann sichitsekekanso. Mu 1984 Umaru Dikko, amene anali nduna ku Nigeria, anabedwa pakhomo pake ku London, n'kubayidwa mankhwala ogonetsa, n'kuikidwa m'bokosi lamatabwa kuti akwezedwe ndege ngati katundu. Anamupulumutsa ndi ogwira ntchito pabwalo la ndege la Stansted amene anakayikira bokosilo. Omubawo nawonso akanakuuzani kuti akubweza wakuba kwawo.

Makhoti enieniwo sagwirizana pa nkhaniyi. Ku America kuli mlandu wa dokotala wa ku Mexico, Humberto Alvarez-Machain. Ankamuganizira kuti anatengapo mbali pa imfa ya Enrique Camarena, wapolisi wa America wolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo amene anaphedwa mu 1985. Mu 1990 anthu olipidwa anamuba ku Guadalajara n'kupita naye ku America. Khoti lalikulu la dzikolo linagamula mu 1992 kuti kubedwako sikuletsa kumuzenga mlandu. Koma tamvani mapeto ake: mlandu utayamba, jaji anamumasula chaka chomwecho chifukwa umboni unali wosakwanira. Maiko awiri anayambana chifukwa cha munthu amene boma linalephera kutsimikiza kuti ndi wolakwa.

Tsono yerekezani ndi South Africa. Ebrahim Ismail Ebrahim wa ANC anabedwa ku Swaziland mu 1986, n'kupatsidwa zaka 20 pa mlandu woukira boma. Mu 1991, ulamuliro wa tsankho usanathe n'komwe, khoti la apilo linafafaniza chigamulocho. Linati boma likamabwera kukhoti lizibwera ndi manja oyera, silingaphwanye lamulo pofuna kulanga wophwanya lamulo. Ku Britain nakonso mu 1993, pa mlandu wa Bennett amene anatengedwa kuchokera ku South Africa mwachinyengo, majaji akuluakulu anati khoti lili ndi mphamvu yoimitsa mlandu ngati munthu wabweretsedwa mozemba njira yoyenera. Ine pa ziwirizi ndili kumbali ya Ebrahim.

Nangondo:
Palinso njira ya kunyengerera. Paul Rusesabagina, wotsutsa boma la Rwanda, anakwera ndege ku Dubai mu Ogasiti 2020 akuganiza kuti akupita ku Bujumbura, koma inakatera ku Kigali. Anapatsidwa zaka 25, anatulutsidwa mu Malichi 2023. Ndipo Kizza Besigye, wotsutsa boma la Uganda, anasowa ku Nairobi mu Novembala 2024, patapita masiku ochepa n'kuonekera m'khoti la asilikali ku Kampala. Mukaona mndandanda wa anthu obwezedwa mwachidule, ambiri si akupha wamba ayi. Ndi otsutsa boma.

A Mbewe:
Apa mwalasa, a Nangondo. Boma silituma ndege yapadera chifukwa cha mlongo wa a Nachisale. Limaituma pa munthu amene akulisowetsa mtendere.

Gama:
Chabwino, zimenezo ndamva. Koma inunso vomerezani kuti njira yanu yoyenerayo imakomera a ndalama. Abale awiri a banja la Gupta anagwidwa ku Dubai mu Juni 2022, koma khoti la kumeneko linakana pempho la South Africa mu 2023, ndipo anamasulidwa. Carlos Ghosn, amene anali mkulu wa kampani ya magalimoto ya Nissan, anathawa ku Japan mu Disembala 2019 n'kukakhala ku Lebanon, kumene kulibe pangano lobwezerana anthu ndi Japan. Julian Assange, amene America inkamufuna chifukwa choulula zikalata zachinsinsi, anakhala mu ofesi ya kazembe wa Ecuador ku London kuyambira 2012 mpaka 2019, kenako zaka zisanu m'ndende akulimbana ndi pempho la America, mpaka nkhani inathera pa kugwirizana mu Juni 2024. Shepherd Bushiri ndi mkazi wake anachoka ku South Africa ali pa belo mu Novembala 2020, ndipo khoti la majisitireti ku Lilongwe linadzapereka chigamulo chake mu Malichi 2025, pamenepo apilo isanayambe. Sindikunena kuti uyu ndi wolakwa kapena uyu ndi wosalakwa. Ndikunena za nthawi. Wosauka alibe loya womugulira zaka zonsezo.

Kondwani:
Apa sindikutsutsani, a Gama. Kuchedwa kulipo ndipo kumapweteka. Onjezanipo Manuel Chang, amene anali nduna ya zachuma ku Mozambique. Anagwidwa pabwalo la ndege la OR Tambo mu Disembala 2018 pa nkhani ya ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni. America inkamufuna, Mozambique nayonso inkamufuna, ndipo anakhala m'ndende zaka zoposa zinayi maiko akukanganirana. Anapita ku New York mu Julayi 2023, ndipo khoti linamupeza wolakwa mu 2024.

Koma mankhwala a kuchedwa ndi kufulumizitsa njirayo, osati kuitaya. Maiko a European Union anachita zimenezo. Kuyambira 2004 ali ndi chikalata chimodzi chomangira munthu chimene jaji wa dziko lina amatumiza kwa jaji mnzake mwachindunji, osadzera kwa andale. Lamulo lake limati chigamulo chituluke pasanathe masiku 60 munthu atagwidwa, ndipo ngati wavomera yekha kupita, masiku 10. Jaji alipobe, loya alipobe, koma zaka zija palibe. Maiko a SADC nawo anasainirana pangano la extradition ku Luanda mu 2002, ndipo a Commonwealth ali ndi dongosolo lawo lochokera mu 1966. Mapangano alipo. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi anthu okwanira m'maofesi okonza mapepalawo, ndalama zomasulira zikalata m'chinenero cha dziko linalo, ndi munthu wolondola pempho likapita. Pempho likabwezedwa chifukwa chosowa chidindo kapena umboni wolumbirira, miyezi isanu ndi umodzi yapita.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndiwonjezere pang'ono kuti nkhaniyi si ya lero. Pangano la mtendere la Ramesses II wa ku Egypt ndi Hattusili III mfumu ya Ahiti, la zaka zoposa 3,000 zapitazo, lili ndi mawu obwezerana anthu othawa. Chimene chimandikhudza n'chakuti lilinso ndi mawu akuti wobwezedwayo asaphedwe kapena kudulidwa ziwalo. Ngakhale mafumu akalewo ankafunsa kuti munthuyu tikamupereka mukamuchita chiyani.

Mayi a Tadala:
A Nachisale, mawu a aphunzitsiwa andikumbutsa chinthu chimene chingakhudze mlandu wanu mwachindunji. Popeza ndi mlandu wakupha, funsani ngati nkhani ya chilango cha imfa siikutsekereza. Maiko ambiri amene anathetsa chilangochi sapereka munthu pokhapokha dziko lopemphalo litalonjeza molemba kuti sakanyongedwa. Chitsanzo chodziwika ndi mlandu wa Jens Soering mu 1989, pamene khoti la ku Ulaya linaletsa Britain kumutumiza ku Virginia, ku America, popanda lonjezo lotero. Lonjezo litaperekedwa anapita, n'kukaweruzidwa. Ku South Africa, Khalfan Khamis Mohamed wa ku Tanzania, amene ankafunidwa pa kuphulitsidwa kwa ofesi ya kazembe wa America ku Dar es Salaam mu 1998, anagwidwa ku Cape Town mu 1999 n'kuperekedwa kwa a FBI mwachidule. Mu 2001 Constitutional Court, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo, inati boma linalakwa pomupereka osapempha lonjezolo. Mu 2012 khoti lomwelo linabwerezanso pa mlandu wa Tsebe ndi Phale, amuna awiri amene Botswana inkawafuna pa milandu yakupha. Botswana inakana kulonjeza, ndipo khoti linati sangaperekedwe, kaya mwa extradition kaya mwa kudipota.

Nachisale:
Ine sindikufuna kuti anyongedwe. Kunyongedwa kwake sikungadzutse mlongo wanga. Ndikufuna aime m'khoti, mayi anga amuone, amve zimene zinachitika usiku umenewo. Mayi akukalamba, ndipo tsiku lililonse amafunsa ngati kwabwera uthenga. Ngati chotsekereza ndi lonjezo limenelo, bwanji boma osangolonjeza?

Kondwani:
Funso limenelo ndi loyenera kuwafunsa iwowo, ndipo muli ndi ufulu wofunsa. Palinso china: kodi munthuyo ndi nzika ya dziko limene anathawirako? Maiko ena sapereka nzika zawo. Russia ndi China sapereka, Brazil sipereka munthu wobadwa ali nzika yake, ndipo Germany imangopereka ku maiko a European Union ndi ku makhoti a maiko onse.

Nachisale:
Mayi ake ndi a kumeneko. N'kutheka kuti ali ndi mapepala a dzikolo. Ndiye kuti basi zathera pompo?

Kondwani:
Ayi, mlandu suola. Pali mfundo yakale ya malamulo a pakati pa maiko yakuti ngati sumupereka, muzenge wekha. Dziko lanu likhoza kutumiza umboni wonse kuti akazengedwe komweko, ngati malamulo a kumeneko amalola kuzenga nzika yawo pa mlandu wochitikira kunja. Mboni zikhoza kupita, kapena kupereka umboni pa vidiyo ngati khoti lalola. Maiko ali ndi mapangano ena othandizana pa umboni, osiyana ndi obwezerana anthu.

Zitsanzo zilipo. Hissène Habré, amene analamulira Chad, anathawira ku Senegal mu 1990. Belgium inamupempha, Senegal inazengereza, ndipo mu 2012 khoti la maiko onse ku The Hague linauza Senegal kuti imuzenge kapena imupereke. Anazengedwa ku Dakar, ndipo mu 2016 anapatsidwa chilango chokhala m'ndende moyo wake wonse. Amene anakankha nkhaniyi zaka zonsezo anali anthu amene anazunzidwa ndi achibale a ophedwa. Wosewera mpira Robinho anapezeka wolakwa ku Italy pa mlandu wogwirira, n'kupatsidwa zaka 9 ali ku Brazil. Brazil sinamupereke, koma mu Malichi 2024 khoti la kumeneko linagamula kuti agwire ukaidiwo ku Brazil komweko, ndipo anamangidwa. Pa ndege imene inaphulitsidwa ku Lockerbie, ku Scotland, mu 1988, Libya inakana kupereka anthu ake awiri ku Britain kapena ku America, mpaka anagwirizana kuti akazengedwe ku Netherlands ndi majaji a ku Scotland. Mmodzi anapezeka wolakwa mu 2001, winayo anamasulidwa. Zonsezi ndi njira zina, koma zonse zimadzera pamaso pa jaji.

Nangondo:
Nanga Interpol? Ndimamva kuti ikatulutsa red notice ndiye kuti munthu wagwidwa basi.

Kondwani:
Ambiri amaganiza choncho. Interpol ilibe apolisi ake omanga anthu. Likulu lake lili ku Lyon, ndipo ntchito yake ndi kulumikiza apolisi a maiko. Red notice ndi uthenga wopempha maiko kuti amufufuze munthu ndi kumusunga podikira pempho lenileni. Dziko lililonse limasankha lokha chochita nawo. Imathandiza kwambiri munthu akamadutsa pachipata kapena pabwalo la ndege, koma ngati dziko lomufunalo silitumiza mapepala m'nthawi yake, amamasulidwa.

Gama:
Ine ndikadali pomwe ndinali. Akanakhala mlongo wanga, sindikudziwa ngati ndikanadikira. Koma a Nachisale, musatume anyamata kuti akamugwire, zimenezo ndavomera. Angakamangidwe iwowo, ndipo loya wake angapezerepo pothawira.

Mayi a Tadala:
Zikomo achimwene ponena zimenezo. Anthu ena amachitadi, ndipo zimathera m'maliro ena.

A Mbewe:
A Kondwani, tawauzani mayiwa zoti akafunse akapita ku ofesi, kuti asakangouzidwanso kuti mapepala akuyenda.

Kondwani:
Mayi, lembani kalata, musangopita pakamwa, ndipo musunge kope yodindidwa tsiku limene ailandira. Ipite kwa oimira boma pa milandu, ina ku unduna wa zachilungamo. Mufunse ngati khoti linatulutsa chikalata chomumangira, chifukwa popanda chimenecho palibe chimene chingayambe. Mufunse ngati pempho linatumizidwadi ku dziko linalo, tsiku liti, ndipo anayankha chiyani. Nthawi zina mumapeza kuti fayilo sinachoke n'komwe pa tebulo la wofufuza. Mufunsenso ngati dzina lake linaperekedwa ku Interpol, komanso ngati anaganizirapo zoti akazengedwe komweko zikapezeka kuti ndi nzika ya kumeneko. Ngati mukudziwa kumene akukhala, kauzeni wofufuzayo, osati kulemba pagulu ngati pano, angamve n'kusamuka. Ndipo pezani loya wa boma wothandiza anthu osowa kapena bungwe loona za ufulu wa anthu kuti kalatayo ikhale ndi wina woilondola.

Chinthu china chofunika msanga: mboni zanu zinalemba umboni wolumbirira? Zaka zikamapita anthu amasamuka, ena amamwalira, ena amaiwala.

Nachisale:
Mboni zinali zitatu. Mmodzi anamwalira chaka chatha. Wina ndi agogo amene anamuona akutuluka m'nyumba, ndipo masiku ano sakupeza bwino. Sindikudziwa ngati zimene ananena kupolisi zinalumbiriridwa. Ndiyambira pamenepo Lolemba m'mawa, kalatayo ndilemba usiku uno. A Kondwani, ndingakutumizireni kumbali kuti muione ndisanapite nayo?

Kondwani:
Tumizani mayi, ndiiona usiku womwe uno. Mulembemonso nambala ya fayilo ya kupolisi ndi tsiku limene munakadandaula koyamba.